Antigone pa siteji: anthu sakagona tulo mu holo?

Funso la sabata ino lachokera kwa mphunzitsi wina wa sekondale yemwenso ndi patironi wa kalabu ya drama. Akuti ana ake akufuna kuchita Antigone, sewero lakale la Agiriki, koma iye ali ndi mantha kuti anthu azikangoyasamula. Mayina ndi ovuta, milungu yake ndi yachilendo, komanso muli gulu la madala lomwe limayankhula zozungulira masamba awiri atatu. Nde akufunsa: alisinthe likhale la kuno? Madala aja awachotse? Kapena angolisiya, abwerere ku masewero a uthenga omwe anazolowera?

Aphunzitsi, musalisiye. Koma mantha anuwo si a chabe ayi, Antigone wogonetsa tulo alipo ndipo ndi wambiri, kungoti vuto kawirikawiri silikhala Sophocles amene analemba, limakhala ulemu wonyanya umene timamupatsa. Ana kuwakulunga m'mabedishiti oyera, kuwaimika pamzere, aliyense kumalakatula malaini ake osayang'ana mnzake, kenako kumapeto wina n'kubwera kutsogolo kudzalengeza kuti phunziro la sewero lathu ndi lakuti kudzikweza n'koipa. Zikatero ayasamuladi, ndi ine ndemwe.

Eni akewo sankachita choncho. Ku Athens, m'zaka za m'ma 400 BC, masewero achisoni amenewa ankachitika pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, chakumapeto kwa Malichi kulowa mu Epulo, pabwalo la pamtetete m'munsi mwa phiri la Acropolis, masanasana, popanda magetsi kapena katani, anthu zikwizikwi atakhala m'mbali mwa phiri. Unali mpikisano weniweni, alembi atatu, aliyense abweretse masewero achisoni atatu ndi limodzi la nthabwala lotsekera tsiku, oweruza khumi osankhidwa mwa maere. Masewero asanayambe akuluakulu a asilikali ankathira nsembe, ndalama za msonkho zochokera ku mizinda yomwe Athens inkailamulira zinkaonetsedwa pabwalo pomwepo, ndipo anyamata amasiye omwe abambo awo anafera kunkhondo, boma n'kuwalera, ankadutsa atavala zida. Nde tangoganizani, mwangoona kumene ana a anthu ofera mzinda, kenako pa siteji pakutulukira mtsikana akuti ine ndikukaika m'manda munthu amene anabwera kudzatentha mzinda. Palibe amene akanagona pamenepo.

Kwa amene nkhaniyi sakuidziwa, Sophocles analilemba cha m'ma 441 BC. Ana aamuna awiri a Oedipus, Eteocles ndi Polyneices, akulimbirana ufumu wa Thebes. Polyneices wakatenga asilikali ku Argos kudzathira nkhondo kwawo komwe, awiriwo aphana pachipata. Creon walowa ufumu, walamula kuti Eteocles aikidwe ndi ulemu wonse koma mtembo wa Polyneices usiyidwe pamtunda udyedwe ndi agalu ndi mbalame, wouika m'manda aponyedwe miyala. Mlongo wawo Antigone wakana, wapita kukauwaza dothi. Zotsatira zake ndi mitembo itatu ina.

Pomwe madayirekita ambiri amaphera seweroli ndi pa Creon. Amamusandutsa chilombo kuyambira mphindi yoyamba, magalasi akuda, ndodo m'manja, kukalipa basi. Mukatero sewero latha lisanayambe, chifukwa oonera adziwa kale wolakwa, chatsala n'kudikira kuti agwe liti. Anthu a ku Athens sakanamuona motero. Lamulo lawo lomwe linkaletsa kuika m'manda munthu woukira dziko m'dera lawo la Attica, moti wolemba mbiri Thucydides analemba kuti mafupa a Themistocles, ngwazi ya nkhondo ya ku Salamis, akuti abale ake anachita kuwalowetsa mozemba. Ndipo mawu oyamba a Creon ndi anzeru ndithu, mzinda wangopulumuka kumene usiku wathawu, iye akuti mtsogoleri amene aika wachibale patsogolo pa dziko ndi wachabechabe. Patapita zaka pafupifupi 100, wandale wa ku Athens Demosthenes anawerengetsa mawu omwewa m'khothi ngati chitsanzo cha mmene mtsogoleri wabwino ayenera kuganizira. Ngakhale Nelson Mandela, akaidi atachita seweroli ku Robben Island, mbali imene iye anasewera inali ya Creon, ndipo anadzalemba kuti mawu ake oyambirirawo muli nzeru.

Creon amaonongeka pang'onopang'ono ife tikuona, ndipo kukoma kwa seweroli kuli pamenepo. Mlonda akubweretsa uthenga, iye akuti wapatsidwa ziphuphu. Antigone akumuyankha, iye zomupweteka si lamulo lathyoledwalo koma zoti wagonjetsedwa ndi mkazi. Mwana wake Haemon akubwera mwaulemu kudzamuuza zimene anthu akunong'onezana m'mudzi, iye akuti kamwana aka kandiphunzitse ine? Mlauli Tiresias akumuchenjeza, naye akuti wagulidwa. Nde mwana wanu waluso kwambiri mumupatse Creon, osati Antigone. Ndiye amene ali ndi malaini ochuluka, ndipo pa malaini pafupifupi 1,350 a sewero lonse, Antigone amachoka pa siteji cha pa 940 osabweranso. Chigawo chonse chomaliza ndi cha Creon.

Antigone nayenso musamupange mngelo wolira mofatsa. Ndi wouma mutu, mng'ono wake Ismene amamuyankhula mawu olasa, poyamba chifukwa wachita mantha, kenako chifukwa akufuna kufa naye limodzi pomwe sanagwire nawo ntchito. Ndipo pali chigawo china chimene omasulira ndi madayirekita ambiri amachidula chifukwa chimawachititsa manyazi, mpaka mlembi wotchuka wa ku Germany Goethe ankalakalaka akatswiri atapeza kuti si Sophocles analemba. Akupita kukatsekeredwa kuphanga, Antigone akuti akanakhala mwamuna wake kapena mwana wake sakanaphwanya lamulo, chifukwa mwamuna utha kupeza wina, mwana utha kubereka wina, koma makolo atafa kale mlongo sangabadwenso. Musachidule chimenecho. Muone mmene azimayi mu holo adzang'ung'udzire, ena kuvomereza ena kutsutsa.

Pali chinanso chimene oonera anu adzachimva msanga kuposa oonera a ku London. Creon ndi mlongo wake wa Jocasta, mayi ake a Antigone. Ndi malume. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao, Alhomwe, malume ndiye mwini mbumba, ndiye woyenera kukhala patsogolo pa maliro a mwana wa mlongo wake, nde apa malume yemweyo ndi amene akuti mtembo uwole pamtunda. Haemon, yemwe ali pa chitomero ndi Antigone, ndi msuweni wake. Simufunika kufotokoza chilichonse, mungoonetsetsa kuti liwu loti amalume lamveka koyambirira, ena onse adzimvera okha.

Zoti kodi nkhaniyi ikutikhudza lero, kukangana kwa boma ndi banja pa mtembo sikunathe. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto, ndipo mabanja awo sanapatsidwe mpata wolira maliro momasuka. Mu 2019 boma la Zimbabwe linkafuna Robert Mugabe aikidwe ku Heroes Acre, banja linakamuika kwawo ku Kutama. Edgar Lungu atamwalira ku Pretoria mu Juni 2025, banja ndi boma la Zambia anakokerana mpaka kukhothi, thupi lili chigonere ku mochale. Ndipo nthawi ya Covid ambiri tinaima patali tikuona wachibale akuikidwa ndi anthu ovala zodzitetezera, osamusambitsa, osaona nkhope, lamulo lake linali ndi chifukwa chomveka koma mtima unkakana. Munthu amene anadutsa m'zimenezo amamumvetsa Creon, amamumvetsanso Antigone, zonse nthawi imodzi.

Koma, ndipo apa ndikufika pa funso lanu loti mulisinthe kapena ayi, zimenezi musazitchule pa siteji. Agiriki anaphunzira nkhwangwa ili m'mutu. Mlembi wina, Phrynichus, anachita sewero la kugwa kwa mzinda wa anzawo wa Miletus, zimene zinali zitangochitika kumene mu 494 BC, bwalo lonse linalira, ndipo wolemba mbiri Herodotus akuti anamulipiritsa chindapusa cha madrakima 1,000 chifukwa chowakumbutsa mavuto awo, sewerolo n'kuliletsa. Pafupifupi masewero onse achisoni omwe anatsala nkhani zake ndi za makedzana, zambiri zochitikira kwina, ku Thebes, ku Argos, ku Troy, ndipo mtunda umenewo ndi umene unkawalola kuyang'ana zinthu zowawa osathawa. Zinagwiranso ntchito mu 1944 ku Paris, pomwe Antigone wa Jean Anouilh anadutsa m'manja mwa oyang'anira masewero a Ajeremani omwe anali atalanda mzindawo, mu holo imodzimodziyo ena n'kumaombera m'manja Creon ena Antigone. Ku Cape Town mu 1973, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga The Island, akaidi awiri akukonzekera Antigone m'chitokosi, mmodzi akukana kuvala wigi ya zingwe poopa kusekedwa, ndipo zonse zimene sakanatha kunena poyera za tsankho zinanenedwa kudzera pakamwa pa mtsikana wa ku Thebes.

Kusamutsa sewero n'kololedwa, ena anachita bwino zedi. Ola Rotimi mu 1968 anatenga nkhani ya Oedipus n'kuipititsa kwa Ayoruba, Femi Osofisan anachita zomwezo ndi Antigone n'kumutcha Tegonni. Koma awa analembanso sewero lonse kuyambira pansi, miyambi, milungu, mbiri, zonse. Chimene ine ndimadana nacho ndi kusamutsa kwa theka, kungosintha mayina Creon akhale a Phiri, kumupatsa foni ndi suti, mlonda azinena za WhatsApp kuti anthu aseke, pomwe mawu ena onse akadali a Zeus ndi Hades. Pa sukulu ine ndingati mayina asiyeni, Thebes akhale Thebes, ana amene amatchula mayina a osewera mpira a ku Ulaya osaphonya sangalephere Polyneices. Chimene musinthe ndi chilankhulo, nyimbo ndi kayendedwe ka thupi, zimenezo zikhale zathu. Zovala zikhale zosaloza nthawi, nsalu za mtundu umodzi, mapazi opanda nsapato, basi.

Tsopano madala aja, omwe amatchedwa kolasi. Mukawachotsa mwachotsa msana. Chimene chimakusokonezani n'chakuti zomwe mukuwerenga pa pepalazo si zoyankhula, ndi mawu a nyimbo. Kolasi inali ya amuna 12, Sophocles anaikweza kufika 15, nzika wamba osati akatswiri, ankaphunzitsidwa miyezi, ankaimba ndi kuvina motsogozedwa ndi woimba chitoliro cha mapaipi awiri chotchedwa aulos, ndipo munthu wolemera mmodzi ankapatsidwa udindo ndi boma wolipira zonse (Persians ya Aeschylus mu 472 BC analipira ndi Pericles akadali wachinyamata). Maimbidwe ake anatayika pafupifupi onse, kwatsala tizidutswa ngati kapepala ka gumbwa ka Orestes wa Euripides komwe kali ku Vienna. Nde ana 15 kuwerenga mawu a nyimbo pamodzi ndi liwu limodzi lopanda chuni, n'chifukwa chake zimatopetsa. Apa ife tili ndi mwayi kuposa azungu ambiri, omwe kolasi imawazunguza mutu mpaka ena amangosiya munthu mmodzi. Aliyense wa ana anu anagonapo pa maliro, akudziwa mmene mmodzi amayambitsira nyimbo ena n'kuvomera, mmene imatsikira wofedwa akayamba kulira, mmene imakwereranso. Tengani nyimbo iliyonse ya kolasi, muifinye ikhale mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya Chichewa, muwapatse ana apeke okha chuni, ng'oma imodzi ndi chisekese zakwana. Yaël Farber ku South Africa, popanga Molora kuchokera ku Oresteia, masewero achisoni atatu a Aeschylus, kolasi yake inali ya azimayi Achixhosa a gulu la Ngqoko oimba ndi kukhosi, ndipo ambiri amene anaonera chimene amakumbukira ndi iwowo.

Komanso muwayang'anitsitse madalawa kuti ndi anthu otani. Si anzeru opanda banga. Ndi nduna zakale zomwe zatumikira mafumu atatu, zikudziwa kuti lamuloli lapotoka koma palibe akufuna kufa. Creon akalengeza, iwo akuti mphamvu ndi zanu bwana. Mlonda akanena kuti mtembo wawazidwa dothi, mmodzi akuyesera kunena kuti mwina ndi milungu, Creon kumukalipira, ziii onse. Haemon ndi bambo ake akakangana, iwo akuti nonse mwayankhula bwino. Mawu oti pitani mukamutulutse mtsikanayo akuwanena Tiresias atachoka, nthawi itatha kale. Ine ndingawakhazike pa mabenchi pansi, kutsogolo kwa siteji, pafupi ndi oonera, ndipo nthawi iliyonse imene Creon akuwayang'ana kufuna kuti avomereze, iwo azigwetsa maso pansi, wina azikonza chipewa, wina azijambula dothi ndi ndodo. Anthu mu holo adzaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wadzizindikira.

Za zigoba za kumaso ndinene mwachidule. Osewera anali amuna atatu okha, mbali zonse ngakhale za akazi, amasintha chigoba chophimba mutu wonse n'kubwera ngati munthu wina. Peter Hall anayesa zimenezi ku National Theatre ku London mu 1981 ndi Oresteia, amuna okhaokha ndi zigoba. Mu holo ya sukulu simukuzifuna, nkhope za ana zikuoneka, ndipo chigoba chimameza mawu ngati sanachizolowere kuyambira pulakatisi yoyamba. Ndipo chonde musabwereke za Gule Wamkulu poti nazonso ndi zigoba. Zili ndi eni ake, zili ndi tanthauzo lake, mudzadziputira milandu, ndipo oonera adzasiya kumvera Sophocles n'kumakambirana zimenezo.

Imfa musazionetse. Agiriki kawirikawiri zophana zinkachitikira kuseri, mthenga n'kubwera kudzafotokoza, ndipo ana anu adzafuna kwambiri kuonetsa Haemon akudzibaya, tomato sosi n'kumwazika. Akanizeni. Tonse tikudziwa zimene zimachitika munthu akagwa pa siteji kuno, holo yonse imafa ndi phwete. Koma mthenga mmodzi ataima chilili akunena mmene Creon anayambira kukaika Polyneices m'malo mothamangira kuphanga, mmene anamvera kulira kwa mwana wake ali patali, mmene anapezera mtsikana atadzimangirira ndi nsalu yake, Haemon atamukumbatira m'chiuno, bambo akumuchonderera kuti tuluka mwana wanga, iye kumulavulira kumaso, kusolola lupanga, kuphonya bambo, kenako n'kudzitembenuzira yekha, zimenezo mutu wa woonera umajambula bwino kuposa siteji iliyonse. Mbali imeneyi mupatse mwana wodziwa kusimba nthano, asathamange. Mfumukazi Eurydice, mayi ake a Haemon, akumva zonsezi, kenako akulowa m'nyumba osanena kanthu, madala ndi amene akufunsa kuti amayi apita kuti. Chimene chionekere pa siteji ndi mtembo, Creon akulowa atanyamula mwana wake. Anyamuledi, kulemera kwake kuoneke m'miyendo, asabwere ndi chidole.

Mlonda uja amene amabwera akuzengereza, kufotokoza mmene anaimira kangapo panjira poopa kukalipidwa, ndi woseketsa mwadala, msiyeni anthu aseke. Nkhani ya milungu isakudetseni nkhawa, mu Antigone palibe mulungu amene amaoneka. Chimene chilipo ndi nkhalamba yakhungu yotsogozedwa ndi kamnyamata, ikunena kuti mbalame zikukhadzulana, nsembe ikukana kuyaka, mafuta akungochucha paphulusa, chifukwa agalu ndi mbalame zamwaza nyama ya mtembo pa maguwa onse. Kuti dziko limadwala wakufa akapanda kugonekedwa bwino, sindikuona woonera wa kuno amene adzafune kumasuliridwa.

Chovuta kwambiri kwa ife amene tinakulira m'masewero a uthenga ndi kudziletsa kumapeto. Tinazolowera kuti sewero lizitha ndi malangizo, kayezetseni magazi, tumizani ana kusukulu, ndipo zimenezo zili ndi ntchito yake. Izi ndi zina. Euripides anaonetsa Trojan Women mu 415 BC, patangopita miyezi yochepa asilikali a Athens ataphera amuna a pachilumba cha Melos n'kugulitsa akazi ndi ana ukapolo, ndipo m'sewero lonse palibe amene amatchula Melos kapena kuuza anthu zochita, pali azimayi a ku Troy ogwidwa kunkhondo akudikira kumva kuti aliyense wagawidwa kwa ndani. Mu 2013 azimayi othawa nkhondo ku Syria anachita sewero lomweli ku Amman, akulowetsamo nkhani zawo. Ku America, Bryan Doerries wakhala akuwerengera asilikali obwera kunkhondo Ajax ndi Philoctetes za Sophocles, akamaliza sawauza tanthauzo, amawafunsa zimene amva, ndipo anthu omwe sanayankhulepo za kunkhondo amayamba kuyankhula. Ngati mukufuna china chake sewero litatha, chitani zomwezo, yatsani magetsi, funsani kuti mukanakhala m'gulu la madala aja mukanayankhula pa nthawi iti.

Pa kutalika, sewero lonse limatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo lisakhale ndi kupumulira pakati, linalembedwa kuti liziyenda osaima. Ngati ndi za mpikisano ndipo akupatsani mphindi zochepa, fupikitsani nyimbo za kolasi, makamaka ija yotchula anthu akale omwe anatsekeredwa ngati Danae, imeneyo mutha kuichotsa yonse palibe adzadandaule. Koma mikangano itatu, Creon ndi Antigone, Creon ndi Haemon, Creon ndi Tiresias, isakhudzidwe, makamaka pomwe amayankhana laini imodzi imodzi mothamanga, pamenepo pulakatisi yake ikhale yambiri mpaka asamapume pakati. Sophocles alibe mwini woti mumulipire, koma zomasulira zatsopano zili ndi eni ake, nde ngati mudzalipiritsa pakhomo samalani. Yomasulira ya Richard Jebb, yemwe anamwalira mu 1905, ili pa intaneti ulere. Chingerezi chake ndi chokalamba, musawapatse ana kuti aloweze, muigwiritse ntchito ngati poyambira, mukhale nawo pansi chigawo ndi chigawo, afotokoze m'Chichewa zimene munthuyo akufuna kwa mnzakeyo, inu muzilemba zimene zatuluka pakamwa pawo.